Manjerenjeza Ochedwa a Bestone

Kunyumba kwa a Zondwayo Moyo, kufupi ndi Embangweni, tsiku linkayamba ndi pemphero, ndipo Loweruka linkatha ndi fumbi la gule wa ingoma. Bamboyu anali mkulu wa mpingo komanso wotsogolera gule m'mudzimo. Paja gule ameneyu safuna ng'oma. Amuna makumi awiri amaponda pansi ngati munthu mmodzi, manjerenjeza a m'miyendo mwawo n'kulira kamodzi. Pa onsewo, phazi lomwe amayi ankaliimbira nthungululu linali la Bestone, mwana wa a Moyo.

M'chaka cha 1984 kunamveka uthenga wokoma: gulu lopambana pa mpikisano wa pa Boma lidzakavina ku Blantyre pa chikondwerero cha ufulu. Mudzi wonse unatekeseka! Bestone, amene anali asanapitirirepo pa Jenda, ankangoyenda modumpha. A Moyo anali atavina zaka makumi atatu akudikira ulendo wotere.

Ndiye kunali Cosmas, wobwera kumene kuchokera ku migodi ya ku Joni, mwini jekete lachikopa ndi pakamwa pa uchi. Tsiku lina anamukokera Bestone kuseri kwa dibi la ng'ombe, n'kumuonetsa kandudu ka chamba.

"Mphwanga, phazi uli nalo, koma moto ulibe. Koka aka kawiri, mbwenu udzavina mpaka nthaka ipepese."

"Adada amati chamba n'tchimo."

"Adada ako ndi okalamba. Ku Blantyre akufuna mikango, osati madikoni."

Bestone anakoka. Anaseka mpaka misozi poona nkhuku ikudutsa, kenaka anamaliza yekha mbale ya mbatata ya banja lonse. Madzulo ake anavina ngati wamera mapiko. Ha, kukoma kwake!

Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Patangotha milungu itatu, ndudu imodzi inaleka kumugwira. Cosmas anatulutsa mapiritsi oyera a mandalakisi, n'kuwaphwanya m'chambamo.

"Ine ndine dokotala," anatero monyada. "Chamba n'chouluka nacho, piritsi n'logonetsa mtima, kachasu ngoletsa manja kunjenjemera."

Atakoka zimenezo, Bestone anagwa chagada, dovu lili chuchuchu. Podzuka anafunanso zina. Nkhuku za amayi ake, a Bessie, zinayamba kusowa imodziimodzi, ndipo mphamba wosalakwa ndiye ankatukwanidwa.

Loweruka lina a Moyo anakweza chibonga, gule n'kuima.

"Pali manjerenjeza akulira okha m'mbuyo mwa anzawo," anatero. Sanayang'ane munthu, koma aliyense anadziwa.

Kunyumba a Moyo anamukhazika pansi Bestone. "Mwana wane, maso ako afiira ngati a njiwa. Khutu langa silinama. Ukusuta chiyani?"

"Ndi chimfine chabe, adada."

A Bessie anagwetsa misozi. "Nkhuku sindikuzilira ayi. Ndikulira iwe. Usiye, ndapota chomene!"

Mawuwo anamulasa mtima Bestone, ndipo analumbira kuti wasiya. Anapirira masiku awiri. Tsiku lachitatu, lomwe linali la mpikisano, thupi linayamba kuitanitsa zake: thukuta ndi mutu kuwawa.

Pa Boma panali podzaza. Mbendera zili petupetu, amayi atavala nsalu za chipani, ana asukulu atakwera m'mitengo. Cosmas anatulukira kuseri kwa lole.

"Ukavina chonchi uchititsa manyazi adada ako. Bwera, kotsiriza."

Bestone anasuta, anamwera kachasu, n'kuthamangira mumzere.

A Moyo anayambitsa nyimbo. Mapazi anagunda pansi, di! di! Fumbi linakwera, nthungululu zinang'amba bwalo, akuluakulu oweruza anayamba kugwedeza mitu mokondwa. Blantyre anali m'manja! Koma m'mutu mwa Bestone nyimbo inasanduka mfuu ya nkhondo. Zishango za anzake anaziona ngati adani akumuzinga. Anatuluka mumzere akukuwa, chibonga chili m'mwamba. Anthu anaombera m'manja poyesa ndi luso latsopano.

A Moyo okha ndiwo anamva kuti manjerenjeza aja asokonekeratu. Anathamanga kuti amugwire. "Bestone! Ndine wiso, adada ako!"

Chibonga chinatsika ndi mphamvu zonse pa bondo lawo. Phwa! A Moyo anagwa pansi, gule n'kuthera pomwepo.

Gulu la mudzi wina ndilo linapita ku Blantyre. Cosmas anazimiririka tsiku lomwelo. Bestone naye anauyenda ulendo wa kummwera, koma atamangidwa manja, kupita ku chipatala cha odwala misala ku Zomba.

Anabwerako patatha miyezi isanu ndi itatu, wowonda, mutu uli bwino. Anakhala pakhonde, akuopa kukweza maso. Kenaka anamva bambo ake akubwera kuchokera ku tchalitchi: phazi, ndodo, phazi, ndodo. Munthu amene ankagwedeza nthaka ya Embangweni tsopano ankakoka mwendo.

Bestone anagwada akulira. "Adada, ndikhululukireni."

"Ndinakukhululukira kale, ndipo Chiuta wakumva," anatero a Moyo, akumudzutsa. "Koma bondoli silinamve."

Inu achinyamata, chamba, mapiritsi ndi kachasu sizipatsa munthu moto. Zimamutentha, pamodzi ndi amene amamukonda. Kanani kukoka koyamba. Kulapa kunabweza Bestone kwawo, koma a Moyo sanavinenso mpaka imfa yawo.