Dzimbiri la M'khola la Akavalo

Lachiwiri m'mawa, wapolisi wamkazi Lorna Brekke anaimitsa galimoto pa shedi yosuliramo zitsulo ya bambo Orval Tiedemann ku Harlan Creek, ku Montana. Chisanu chinali chitaundana pamsewu.

Bambo Tiedemann anali ndi zaka 73. Ntchito yawo inali yosula zopanira zapamanja zotsekera onga ndi mtovu m'makoko a zipolopolo za mavolovolo akale, motengera zija ankayenda nazo abusa a ng'ombe makedzana. Chopanira chilichonse ankachidinda dzina lawo, kuti wogula adziwe kuti n'chatsopano.

Lorna anaika chopanira chadzimbiri patebulo.

"Dokotala wina wagula ichi pamtengo wa ng'ombe ziwiri, bambo. Anamuuza kuti ndi cha 1882. Akatswiri akuti n'chabodza."

Mkuluyo anachitembenuza, n'kusisita chogwirira ndi chala.

"N'changa. Ndinachisula mu Juni. Dzina langa linali apa, alipala."

"Nanga dzimbirili?"

Anachinunkhiza, n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Mchere ndi ndowe za kavalo. Ukachikwirira miyezi iwiri, chimakalamba zaka zana."

"Amakugulitsirani ndani?"

Mkuluyo anabweza chopaniracho patebulo.

"Mkamwini wanga, Dale Hostetler. Miyendo yangayi inakana zoyenda m'misika."

Masana omwewo, Dale atachoka, Lorna anafika kufamu kwa mkamwiniyo ndi chikalata cha khoti chomulola kuchita chipikisheni. Mkazi wa Dale, Ardith, mwana yekhayo wa bambo Tiedemann, anatsegula khola osafunsa kanthu. Kuseri kwa udzu wouma kunali mgolo wodzaza ndowe. Lorna anavuulamo zopanira khumi ndi zinayi, zonse zopalidwa dzina.

"Amandiuza kuti ndi manyowa a m'dimba," anatero Ardith. "Dimba lake liti? Ndinangotopa n'kufunsa."

Loweruka nthawi ya 10 koloko, msika wa mfuti zakale unadzaza mu holo ya ku Miles City. Dale anali atayala nsalu yofiira patebulo, chipewa chili pambali, akunyengerera mlendo.

"Ichi, achimwene, chinapezeka m'chikwama cha msilikali wa pakavalo. Gwirani nokha mumve kulemera kwake."

Atatukula maso anaona Lorna, pambuyo pa wapolisiyo pali apongozi ake, bambo Tiedemann, ndi ndodo yawo.

"Manja patebulo, Dale," anatero Lorna.

Sanathawe. Anangoseka chapansipansi unyolo ukutsekeka.

"Bambo, musandiyang'ane choncho. Zaka makumi anayi mukudinda dzina lanu, denga likudonthabe. Ndowe za kavalo wanga zakuposani mtengo."

"N'zoona," anayankha mkuluyo. "Zandiposa."

Mlandu unazengedwa mu Epulo. Apolisi anatolera zopanira 41 kwa anthu a m'madera asanu, ndipo bambo Tiedemann anaima m'khoti tsiku lonse, kunyamula chimodzichimodzi n'kunena mwezi umene anachisula. Dale anagamulidwa kukhala m'ndende zaka zitatu.

Potuluka m'khoti, Ardith anagwira bambo ake mkono pamasitepe.

"Ababa, mawa mukatsegula shedi?"

"Anthu andiimbira lamya sabata yonse," anatero. "Akufuna zopanira."

"Si zabwino zimenezo?"

"Akufuna zadzimbiri zija, mwanawe. Akuti mlanduwu wazikweza mtengo."