Makomo Otakata

Nyumba ija inayambira patebulo la m'nyumba ya lendi, kuseri kwa kalendala yakale. Mwamuna, amene ankayendetsa basi ya maulendo ataliatali, ndiye ankagwira pensulo. Mkazi wake, mphunzitsi, ankagwira chofufutira. Ana awo amapasa ankalimbirana chipinda chimene chinalibe ndi khoma lomwe.

"Khitchini mwaiika pati, bambo a mapasa?"

"Apa, pafupi ndi pabalaza."

"Ndiye kuti ndizikazinga anyezi alendo akutuluka misozi?"

"Eya, azitsanzika msanga."

Ankaseka mpaka pepala kubooka ndi kufufuta. Masiku amenewo chikondi chawo sichinkasowa mboni.

Atagula malo, anapeza katswiri wojambula mapulani, bambo wofatsa wa imvi za m'mbali, amene amisiri ankangowatchula kuti a Pensulo chifukwa pensulo sinkachoka kukhutu kwawo. A Pensulo anakonza pulani, nakhoma zikhomo zachitsulo pamalopo, n'kumanga zingwe zosonyeza modzadutsa makoma. Dalaivalayo akabwera ku ulendo ankapita kukayendayenda m'zipinda za zingwezo. Sankalumpha chingwe ngakhale chimodzi. Ankazungulira n'kulowera pakhomo, ngati munthu waulemu wake.

Tsiku lina anapeza zikhomo zitasuntha. Makomo onse anali atatakata, ngakhale la kubafa. Mmisiri wokumba maziko anamuonetsa pulani yatsopano: masitepe atatu a pakhonde, amene iye ankawanyadira kwambiri, anali atachotsedwa, ndipo zenera la kuchipinda chogona linali litatsitsidwa.

"Wasintha ndani?"

"Amayi ndi a Pensulo. Amabwera masana, mkati mwa sabata."

Kunyumba anayesa kufunsa ngati nthabwala. "Makomo aakulu chonchi, mayi a mapasa, mukufuna tidzalowetsemo basi yanga?"

"Mipando imavuta kulowetsa," anayankha mkaziyo osamuyang'ana.

"Nanga masitepe anga analakwa chiyani?"

"Ndidzakuuzani denga likakwera. Mundipirire."

Kuyambira pamenepo anayamba kumuyang'anitsitsa. Anaona kuti makapu akumupulumuka m'manja. Anaona kuti akupunthwa pamasitepe a nyumba ya lendi, amene anawakwera kwa zaka zambiri. Ankamupeza atakhala m'mphepete mwa bedi akusisita miyendo. Foni ikalira ankakayankhira panja, motsitsa mawu. Mwamunayo anati mumtima: maganizo ake ali kwina. Nsanje siiphonya chizindikiro ngakhale chimodzi, koma zonse imaziwerenga chozondoka.

Amene anathira mafuta pamoto anali mnzake woyendetsa lole ya mchenga. Anakumana pomwetsera mafuta.

"Achimwene, nyumba mukumangayi mudzagonamo ndinu?"

"Ukutanthauza chiyani?"

"Ine ndimatula mchenga, sinditula nkhani. Koma dzana ndinaona alamu atakhala mu wilibala, a Pensulo akuwakankha chipinda ndi chipinda. Kusekako! Ndinachita kuyang'ana kumbali."

Ulendo wa tsiku limenelo sanauone. Pagalasi la basi pankangobwera zingwe ndi wilibala. Anapitirira siteji mpaka okwera kuchita kumenya chitseko. Pamalo opumira sanadye, ankangozungulira basi akumenya matayala ndi phazi, matayala oti anali atawaona kale.

Atafika kunyumba sanavule ndi jekete lomwe.

"Mumakatani mu wilibala?"

Mkaziyo anagwira tebulo. "Tinkayeza makomo."

"Kuyeza ndi thupi lanu? Tepi inatha m'dziko muno? Ine ndikuswa msana pamsewu, inu mukukwezedwa wilibala ngati mkwatibwi!"

"Bambo a mapasa, khalani pansi. Basi, ndikuuzeni lero."

"Ndikhale pansi ndimvere bodza limene mwaphika awiri?"

"Chonde, tangokhalani."

Mpando unali pomwepo, pafupi ndi bondo lake. Akanaukoka, nkhaniyi sikanalembedwa. Koma anamenyetsa chitseko n'kukagona kudepoti.

M'mawa anapempha dalaivala mnzake kuti amuyendere ulendo wake. Masana anapita kumalo kuja, naima kuseri kwa mulu wa njerwa. Amisiri anali atapita kukadya. Mkazi wake ndi a Pensulo anali m'chipinda chogona cha zingwe chija, pamene iye ankati padzakhala bedi lawo. Mkaziyo ankalozera pomwe padzakhale zenera. Potembenuka anakodwa m'chingwe, n'kugwa. A Pensulo anawerama, namugwira m'khwapa, n'kuyamba kumudzutsa pang'onopang'ono, mutu wa mkaziyo uli pachifuwa pawo.

Tsiku limenelo mwamunayo sanalowere pakhomo. Analumpha zingwe zonse. Hamala yokhomera zikhomo inali pansi, ndipo sakumbukira kuti anaitola liti. Anamenya kamodzi. A Pensulo anagwera pachingwe, zikhomo ziwiri n'kuzuka. Pensulo ija inachoka kukhutu.

Iye ankayembekezera kuti mkazi wake athawa. Sanathawe. Ankayesa kudzuka, miyendo n'kukana, mpaka anakwawa ndi zigongono kupita pomwe panagona munthuyo.

"Miyendo yanga, bambo a mapasa," anatero chapansipansi. "Miyendo yangayi ikufa. Amangondidzutsa."

A Pensulo anamwalira asanafike kuchipatala.

M'khoti, dokotala anafotokoza kuti mayiyo ali ndi matenda a mitsempha amene amafooketsa miyendo pang'onopang'ono, ndipo alibe mankhwala ochiritsiratu. Mafoni a panja aja anali ochokera kuchipatala. Kenako analowa mkaziyo, atatsamira ndodo ziwiri. Woweruza anamufunsa chifukwa chimene anabisira mwamuna wake.

"Ndimawadziwa," anayankha. "Akanagulitsa malo aja tsiku lomwelo n'kuyamba kuyenda nane m'zipatala. Ine ndinkafuna ana akhale ndi nyumba. Ndinauza malemuwo chifukwa pulani inayenera kusintha maziko asanathiridwe. Njinga ya olumala tinalibe, ndiye anati tiyesere wilibala, tione ngati ndingakhote kuchoka kuchipinda kupita kubafa. Ndinaseka, inde. Kunali kuseka kapena kulira."

"Nanga zenera?"

"Kuti ndikadzakhala pansi ndiziona msewu. Ndiziona akubwera."

Chakumbuyo m'khotimo kunakhala mkazi wa a Pensulo ndi ana ake atatu. Sanalire mokweza. Ankangoyang'ana manja a woimbidwa mlanduyo.

Woweruza anati mkwiyo si chitetezo kwa munthu amene anasiya ntchito yake n'kukabisala kuseri kwa njerwa. Anamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Mkaziyo ali ndi mbali yake ya chisoni, pakuti chinsinsi, ngakhale chosungidwa mwachikondi, chimasiya mpata, ndipo mpatawo sukhala wopanda kanthu nthawi yaitali. Koma iye anapempha kuti mwamuna wake akhale pansi. Amene amakana mpando wa m'nyumba mwake amakakhalira benchi la m'khoti, ndipo kumeneko choonadi chimafika chitachedwa.

Pamalo paja zingwe zinaola, udzu n'kumera m'maenje a maziko. Mayiyo akadali m'nyumba ya lendi. Amapasa ndiwo amamunyamula pamasitepe, wina uku wina uku.

Mayiyo anapita kamodzi kundende kukaona mwamuna wake, ali panjinga ya olumala. Khomo la chipinda choonerana ndi akaidi linali lopapatiza, ndipo njingayo inakana kulowa. Woyang'anira ndende anayesa kuipendeketsa, koma sizinatheke. Mkaidiyo anaima kuseri kwa waya, akuona theka la tayala ndi dzanja limodzi la mkazi wake lili pabondo.

"Bambo a mapasa," anaitana mkaziyo ali panja, "muli bwanji?"

Iye ankayang'ana khomolo, akuliyeza ndi maso. Panangoperewera pang'ono.