Kaulusi ndi Tsitsi la Achifuwa

Panali mtsikana wina wamng'ono. Onse ankamutcha Kaulusi.

Bambo ake anali telala. Pansi pa makina awo osokera pankagwa timaulusi. Kaulusi ankatola timaulusito. Akatola, ankamanga chilichonse. Anamanga mwendo wa mpando. Anamanga chogwirira cha ketulo. Tsiku lina anamanga mchira wa mphaka. Mphakayo sanathokoze.

Kaulusi ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuona mng'ono wake. Amayi ake anali kuchipatala. Kumeneko kunabadwa mwana wamkazi. Kaulusi anali asanamuone.

"Ababa, tikawatenga liti amayi?" anafunsa Kaulusi.

"Mkuja, mwanangu," anayankha bambo. "Tikawatenga pa Achifuwa."

Achifuwa sanali munthu ayi. Achifuwa anali galimoto. Inali galimoto yakalekale. Ikamalira, inkayamba yatsokomola. Kho! Kho! Kho! N'chifukwa chake anaipatsa dzina limeneli.

Tsiku limenelo bambo anatsegula boneti ya Achifuwa. Anathira madzi. Kenako kunabwera munthu wong'ambika thalauza. Bambo anapita kukamusokera. Boneti inatsala yasa!

Kaulusi anatenga kampando. Anakwerapo. Anasuzumira mkati. Injini inali yozizira. Pamwamba pake panali mawaya anayi akuda. Anali onenepa ngati zala za bambo.

"Eee! Achifuwa ali ndi tsitsi!" anatero Kaulusi. "Koma palibe amawaluka. Mwana akawaona chonchi?"

Anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa ulusi. Waya woyamba anamumanga ulusi wofiira. Wachiwiri anamumanga wachikasu. Wachitatu anamumanga wobiriwira. Wotsiriza anamumanga woyera. Uku akumanga, uku akuimba:

"Wofiira woyamba,
wachikasu wachiwiri,
wobiriwira wachitatu,
woyera wotsiriza!"

Anaimba kamodzi. Anaimba kawiri. Anaimba mpaka mphaka anachoka.

Bambo anabwera. Anaona ulusi uja.

"Iwe Kaulusi! Galimoto si chidole. Injini imatentha. Usamaigwire uli wekha."

"Pepani, ababa. Ndimafuna Achifuwa atchene."

Bambo anapukusa mutu. "Ndichotsa mawa," anatero.

Mawa linafika. Bambo sanachotse. Mawa la bambo linali ndi miyendo yaitali.

Tsiku lokatenga amayi linakwana. Kaulusi anasamba yekha. Anavala diresi lake la madontho. Anavala nsapato, ina kuphazi losayenera. Anavula, n'kuvalanso.

Bambo nawo analawirira. Anaima pamaso pa Achifuwa, manja m'chiuno.

"Lero simutsokomola," anatero bambo. "Mungadzidzimutse mwana."

Anatsegula boneti. Anazula mawaya anayi aja, onse nthawi imodzi. Pansi pa waya aliyense panali pulagi. Pulagi ndi kachitsulo kamene kamayatsa moto mu injini. Bambo anamasula mapulagi ndi sipanala. Anali akuda bii ndi mwaye. Anawakwecha ndi mswachi wakale. Anayera mbee! Anawabwezera. Kenako anabwezera mawaya, uyu apa, uyu apo.

"Waya ndi waya basi," anatero bambo.

Bambo anakhala pachiwongolero. Kaulusi anakhala kumbuyo. Bambo anapotokola kiyi.

Nye-nye-nye-nye... PHWA!

Utsi wakuda unatuluka kumbuyo. Nkhuku zinathawa. Mphaka anakwera padenga.

Bambo anayesanso.

Nye-nye-nye-nye... PHWA!

Achifuwa anakana kulira.

Kutsidya kwa msewu kunali kanyumba kometera. Wometa wake anali malume ake a Kaulusi, mlongo wawo wa amayi. Malume ankameta anthu onse. Koma eni ake analibe tsitsi ngakhale limodzi. Mutu wawo unali see, ngati dzira.

Malume anabwera akuthamanga, chipeso chili m'manja.

"Alamu! Mwawombera ndani m'mawa uno?"

"Palibe, alamu. Achifuwa akana kulira. Mlongo wanu akutidikira kuchipatala."

"Aaa, zazing'ono izo," anatero malume. "Ine galimoto ndimazidziwa. Ndimameta madalaivala ambiri."

Kaulusi anatsika. Anatenga kampando kake. Anasuzumira mu injini. Anaona chinthu chachilendo.

"Ababa, tsitsi la Achifuwa..."

"Dikira kaye, mwanangu," anatero bambo.

Malume anakweza zala zitatu.

"Galimoto imafuna zinthu zitatu," anatero. "Imafuna batire. Imafuna mafuta. Imafuna moto. Tiyambe ndi batire. Lizani hutala, alamu!"

Bambo anadina hutala.

Piii! Piii!

"Yatsani nyali!"

Nyali zinayaka ngwee.

"Batire lili ndi mphamvu," anatero malume. "Vuto si batire."

Kaulusi anakoka malaya a bambo.

"Ababa, tsitsi la Achifuwa..."

"Dikira kaye, mwanangu."

"Tsopano mafuta," anatero malume.

Bambo anayang'ana kamuvi ka mafuta. Kanali pamwamba. Koma malume sanakhulupirire kamuviko. Anatsegula thanki. Anaikapo mphuno. Ananunkhiza kwambiri.

"Etsiii!" anayetsemula malume. Misozi inalengeza m'maso. "Mafuta alipo, alamu. Alipo ambiri. Vuto si mafuta."

Kaulusi anakoka malaya a malume.

"Amalume, tsitsi la Achifuwa..."

"Iwe, za tsitsi undisiyire ine," anatero malume. "Ndi ntchito yanga imeneyo."

Kaulusi anayang'ana dazi la malume.

"Tsopano moto," anatero malume.

Anamasula pulagi imodzi. Anaivekanso waya wake. Anaigunditsa pachitsulo cha injini. Anaigwira ndi dzanja lopanda kanthu. Munthu wodziwa sagwira choncho. Koma malume anagwira.

"Potokolani kiyi, alamu!"

Nye-nye-nye-nye...

Kamoto kanathetheka. Tche! Tche! Kenako kanawaluma malume chala.

"Mayoooo!"

Malume analumpha. Anavina mwendo umodzi. Anavina mwendo winawo. Chipeso chinagwera uko. Akanakhala ndi tsitsi, likanaima njo!

"Moto ulipo?" anafunsa bambo.

"Ulipo!" anafuula malume, chala chili m'kamwa. "Ndakumana nawo ndekha!"

Bambo anabwezera pulagi ija. Anabwezera waya pomwe anali. Anakanda mutu.

"Batire lilipo. Mafuta alipo. Moto ulipo. Nanga chavuta n'chiyani?"

Malume nawo anakanda dazi. Madalaivala aja sanawauze zimenezi.

Bambo anaimbira makanika foni. Makanika anali kutali kwambiri. Anali pansi pa lole ya eni ake. Anati abwera mawa.

Kenako foni ya bambo inalira. Anali amayi.

"Bambo a Kaulusi, muli pati? Atitulutsa kale. Takhala pabenchi panja. Kumwamba kwada. Mwanayu akanyowa, azizidwa."

"Tikubwera, mayi. Tikubwera pompano," anatero bambo.

Onse anayang'ana kumwamba. Mitambo inali bii. Mphepo inayamba kuwomba. Chipatala chinali kutali.

Bambo anakhala pansi. Anagwira mutu ndi manja awiri.

"Ndimafuna kukonza," anatero. "Koma ndawononga."

Kaulusi anamva chisoni. Anaganiza za amayi ali pabenchi. Anaganiza za mng'ono wake, mvula ikumugwera. Akuluakulu anali atamuuza kuti adikire. Anadikira kamodzi. Anadikira kawiri. Anadikira katatu. Tsopano kudikira kunamukwana.

Anaima pakampando. Manja anawaika kumbuyo. Sanagwire injini. Anangoimba mokweza:

"Wofiira woyamba,
wachikasu wachiwiri,
wobiriwira wachitatu,
woyera wotsiriza!"

"Mphwanga, ino si nthawi ya nyimbo," anatero malume.

"Koma taonani, amalume! Tsitsi lasokonekera. Wofiira ali kumapeto. Woyera ali wachiwiri. Ine sindinaluke chonchi!"

Bambo anadzutsa mutu. Anaimirira. Anasuzumira mu injini. Ulusi uja unali pomwepo. Koma woyamba anali wachikasu. Wachiwiri anali woyera. Wotsiriza anali wofiira.

"Kaulusi, wati unamanga bwanji?"

"Ndinayambira kutsogolo kuno, ababa. Wofiira woyamba."

Bambo anadzimenya pachipumi. Pha!

"Ogo! Ndazindikira! Waya aliyense ali ndi pulagi yake. Moto umafika kwa pulagi iliyonse panthawi yake. Ine ndasokoneza. Moto ukugogoda pakhomo losayenera!"

"Ndiye kuti chiyani, alamu?" anafunsa malume.

"Ndiye kuti ndasokera mkono wa malaya pakhosi!"

"Ehe," anatero malume. "Ndimati ndinene zomwezo."

Bambo anazula kiyi. Anamuika m'thumba.

"Imba, mwanangu. Imba pang'onopang'ono. Iwe uziimba, ine ndizigwira."

Kaulusi anaimba.

"Wofiira woyamba..."

Bambo anaika wofiira pa pulagi yoyamba. Kwa!

"Wachikasu wachiwiri..."

Bambo anaika wachikasu pa pulagi yachiwiri. Kwa!

"Wobiriwira wachitatu..."

Wobiriwira anali kale pamalo pake. Bambo anangomusisita. "Mwana wabwino," anatero.

"Woyera wotsiriza!"

Bambo anaika woyera pa pulagi yotsiriza. Kwa!

Kaulusi anayang'anitsitsa. Anawerenga ndi chala chili m'mwamba.

"Eya. Tsopano Achifuwa atchena."

Bambo anatseka boneti. Anakhala pachiwongolero. Kaulusi anakhala kumbuyo. Malume anaima patali, atatseka makutu. Mphaka anasuzumira ali padenga.

Bambo anapotokola kiyi.

Nye-nye... Vuuuu! Du-du-du-du-du!

Achifuwa analira! Sanawombere. Sanatsokomole ngakhale kamodzi.

Bambo anacheuka. Anagwira timanja ta Kaulusi.

"Zikomo, mwanangu. Zikomo kwambiri. Unandiitana, ine osamva. Pepa."

"Zikomo, ababa, poti simunachotse ulusi," anatero Kaulusi.

Bambo anaseka. "Ulesi wanga wathandiza lero lokha."

Malume anatola chipeso chawo. Analowa kutsogolo.

"Tiyeni, alamu! Tithokoze kuti ndinalipo."

Achifuwa anayenda. Anadutsa msika. Anadutsa mlatho. Anakwera chitunda osapumira. Mphepo inkawomba. Mitambo inkatsika.

Anafika pachipata cha chipatala. Amayi anali pabenchi. Anali atafungatira kamtolo ka nsalu. Dontho loyamba la mvula linagwa pagalasi. Tho!

"Amayi! Amayi!" anafuula Kaulusi.

Bambo anatsika msangamsanga. Ananyamula chikwama. Malume anatsegula chitseko. Amayi analowa ndi mwana. Chitseko chinatsekedwa. Pomwepo mvula inakhuthuka. Waaa!

Mwana sananyowe. Ngakhale kachala sikananyowe.

"Mwafika bwino nthawi yake," anatero amayi. "Zikomo, bambo a Kaulusi. Zikomo, achimwene."

"Ndinavutika kwambiri, achemwali," anatero malume. Anaonetsa chala chawo.

"Musathokoze ife," anatero bambo. "Thokozani makanika wathu. Uyo wavala madonthoyo."

Bambo anafotokoza zonse. Anafotokoza za mawaya. Anafotokoza za nyimbo. Anafotokozanso za gule wa malume. Amayi anaseka mpaka misozi. Kenako anamukumbatira Kaulusi ndi dzanja limodzi.

"Zikomo, mwana wanga. Mng'ono wako akuti zikomo nayenso."

"Ndimuone, amayi?"

Amayi anavundukula nsalu pang'ono. Kaulusi anasuzumira. Anaona timaso totsinzina. Anaona kamphuno. Anaona kakamwa. Kenako anaona kamutu.

Kamutuko kanali see. Panalibe tsitsi ngakhale limodzi.

Kaulusi anayang'ana mwana. Anayang'ana malume. Anayang'ananso mwana.

"Amalume! Mwamumeta kale?"

Onse anaseka. Malume anasisita dazi lawo monyada.

"Watengera ine ameneyu," anatero. "Adzadziwa galimoto."

Anafika kunyumba mvula itakata. Amayi analowa ndi mwana. Bambo anapita pamakina awo osokera. Anatsegula kabati. Anatulutsa mipukutu inayi ya ulusi. Inali yatsopano. Wofiira, wachikasu, wobiriwira ndi woyera.

"Iyi ndi yako," anatero bambo. "Ulusi wa pa Achifuwa ukatha, tidzamanga wina. Tidzamanga tonse awiri. Palibe adzachotse."

Kaulusi analandira ndi manja awiri.

"Zikomo, ababa!"

Anaika ulusiwo m'thumba. Anakakhala pafupi ndi mng'ono wake. Anasisita kamutu kaja ndi chala chimodzi.

"Usadandaule," ananong'ona Kaulusi. "Tsitsi lako lidzamera. Ine ndidikira. Ulusi ndili nawo kale."

Mphaka anamva zimenezo. Anabisa mchira wake.