Kabatani Kosinthira Kiyi

Kodi luso limathawa bwanji m'zala za munthu wamoyo? Ndinafunsa amayi, ndinafunsa abusa, koma onse anangopukusa mutu.

Mlongo wanga wamng'ono, mnyamata, anakulira m'nyumba yabwino. Bambo anamugulira kiyibodi yakale yong'aluka pakona, ndipo m'mawa uliwonse ankayeserera makiyi onse, kuimba motsitsa ndi mokweza mawu, asanamwe tiyi. Jazi ndi R&B ankaziimba mpaka anthu anamutcha Zala.

Atalowa bandi ya pahotela, woimba gitala anamuseka. "Iwe Zala, ukuvutikiranji ngati uli pamayeso? Dina kabatani aka. Woimba akakweza mawu, makina akweza okha, iwe uzingokhala pa kiyi yako imodzi."

Anadina, zinakoma. Kuyeserera kunatha, ndipo nthawi yake inapita ku tulo ndi botolo.

Tsiku lina bambo anaima kumbuyo kwake akuimba. "Mwanawe, nyimbo zikusintha koma manja ali pamodzimodzi. Akuimba ndani, iwe kapena magetsi?" Iye anangoseka n'kuyankha kuti ovina saona zala.

Kenaka kunabwera mayi wina woimba jazi, wofuna wa kiyibodi woyenda naye m'maiko. Unali mwayi umene mlongo wanga ankaulota kuyambira ali mwana. Anamuitana masana kukayesedwa. M'chipindamo munali piyano yamatabwa, yopanda waya.

Nyimbo yoyamba inayenda bwino. Yachiwiri mayiyo anapempha kuti akweze kiyi pang'ono. Chala chinathamangira pakona kufuna kabatani, chinapeza thabwa. Anayesa ndi manja, zala zinapunthwana ngati za mwana woyamba kumene. Anayesanso, thukuta lili kamukamu.

Mayiyo sanakalipe. Anatseka piyano pang'onopang'ono. "Achimwene, ndinamva kuti munali katswiri. Pepani, ndachedwa kubwera."

Anatenga wina. Nkhani yoti sangathe kuimba popanda kabatani inafika kuhotela, nakonso ntchito inatha. Lero ali kunyumba kwa bambo, wasiya botolo, wayambiranso pachiyambi. Sindikudziwa ngati zala zake zidzabwerere mwakale.

Ulesi sufika ngati mdani. Umafika ngati mnzako wokupeputsira katundu, ndipo umachoka ndi mphatso imene Mulungu anakupatsa. Ine mwana wanga wayamba kale kuimba ng'oma patebulo ndi masupuni, ndipo ndimachita mantha.

Ndikukupemphani makolo anzanga: mwana akabwera mokondwa kuti wapeza njira yachidule, musafulumire kumuyamikira. Khalani naye pansi, mumufunse chimene wasiya kuchita.