Waya Wopita kwa Orlanda

Esime atatuluka kukayanika zovala, anapeza mwamuna wake Langton akukhoma zikhomo m'mbali mwa kanjira. Chingwe choyezera sichinathere pakhomo pawo. Chinadutsa pansi pa mtengo wa manachesi mpaka pakhonde la Orlanda, mkazi wa malemu Matthew, mng'ono wake wa Langton.

"Bambo a Miracle, tinagwirizana zoika nyale m'kanjira kathu kokha. Nanga thiransifoma yaikulu chonchi ndi ya chiyani?"

"Mababu achuluka," anayankha Langton osadzutsa mutu. "Ukaphatikiza mawati onse, thiransifoma iyenera kuposa pamenepo, apo ayi imapsa. Wayanso ndagula wonenepa. Magetsi amenewa ndi ochepa mphamvu. Mtunda ukatalika, babu lakumapeto siliwala bwino."

"Ndiye lakumapetolo mwalisamala! Ine swichi yakukhitchini ndinayamba kukupemphani dzinja lija."

"Ana a Matthew anatsala pang'ono kuponda njoka pomwepa. Ndidikire maliro ena?"

"Mukuunikira anawo kapena mayi awo?"

Langton anamuyang'ana, nakwera njinga kupita ku boma kukagula mapaipi okwirira waya. Esime analowa m'nyumba, namenyetsa chitseko, nalira mpaka maso kufiira. Kenaka anatenga khasu. Waya watsopano uja, amene Langton anali atamuyala kale motsata zikhomo, anamudula zidutswazidutswa kuyambira pamtengo paja.

Esime atadzutsa mutu, anaona Orlanda ataima pakhonde ndi mwana kumsana.

"Ndamva zonse, mayi a Miracle," anatero mofatsa, misozi ikutsika. "Alamu ndinawakaniza, iwo anati ndi za ana. Ine mwamuna ndinali naye mmodzi, ndipo ndinamuika m'manda."

M'mawa mwake galimoto yamatola inaima pageti. Orlanda anakweza matiresi, mapoto ndi ana ake, ulendo wa kwawo ku Thambani. Mayi ake a Langton, amene ankakhala pabwalo lomwelo, anatulukanso ndi chikwama chawo.

"Amayi, inunso?" anafunsa Esime.

"Mwa ana amenewa ndi momwe ndimamuonera Matthew wanga. Kumene apite, ine ndili komweko. Bwalo lonse ndi lanu tsopano, mpongozi."

Esime anagwada pafumbi, nagwira chitenje chawo kupepesa, koma iwo anakwera. Miracle anathamangira galimoto akuitana abale ake.

Langton ananyamula mwanayo, namupukuta misozi.

"Mufotokozereni ndinu," anauza mkazi wake. "Ine mawu ndilibe."