Kompyuta ya Malemu Amin

Izi si nkhani za m'maluwa ayi. Mukafika ku Mkanda mukafunse a Tabeth, anamwino opuma aja, munthu wosadziwa nthabwala. Analipo, ndipo adzakuuzani zomwezi.

Munali mu 2006. Pa kachipatala kena kumeneko panali kompyuta yakale yolondera firiji ya katemera. Batire ya sola ikafooka, kapena firiji ikayamba kufunda, inkalira. Amene anailumikiza choncho ndi Amin, mwana wa mwini golosale, koma Aminiyo atamwalira mwadzidzidzi ntchitoyo inagwera Mayamiko, mtsikana wongochoka kumene ku koleji, wosamva zobwerera m'mbuyo.

Atatsegula kenelo, mtima weniweni wa pulogalamu yoyendetsa makinawo, anagwira pakamwa. Chipwirikiti chake! Batire inali ndi njira yakeyake yonenera vuto, firiji yakenso, disiki yosunga zolembedwa yakenso, mizere ina ya pulogalamuyo yongobwerezabwereza, ina yosalozera kulikonse.

"Zonsezi ndisesa," anatero Mayamiko. "Vuto lililonse lizidzera khomo limodzi basi."

A Tabeth anapukusa mutu. "Mwanangu, sadaka ya malemu sinachitike. Za womwalira sazigwira abale asanakhale pansi."

"Amayi, awa si malaya. Mawa ndi sikelo, ana a midzi yonseyi akubwera. Firiji ikafa osatiuza, tiwabaya madzi?"

Mayamiko anakhalira pomwepo tsiku lonse, osadya. Anafufuta, kulumikiza, kuyesa, kufufutanso. Anachotsa ngakhale kaliridwe ka Amin, kosasa ngati tambala wachitopa, n'kusiya kuti vuto lizingolembedwa pagalasi ndi zilembo zofiira. Dzuwa likulowa, galasi linalemba kuti zonse zili bwino. Mayamiko anadziwongola, mtima uli mbee.

Kenaka nkhululu zonse panja zinangoti zii.

M'chipindamo munamveka fungo la mafuta onunkhira, aja Amin ankadzola Lachisanu. Zenera linali lotseka.

Kompyuta inalira. Kosasa kuja.

"Mwati munachotsa," a Tabeth ananong'ona.

"Ndinachotsa."

Galasi linali likunenabe kuti zonse zili bwino. Inaliranso. Mayamiko anaizimitsa. Inalira. Anazula chingwe kukhoma. Inalirabe, pang'onopang'ono, ngati munthu wotopa ndi kuitana.

A Tabeth anali atafika kale pakhomo. Mayamiko mantha anamugwira zedi, koma anakumbukira ana a mawa. Anadutsa pafupi ndi makinawo n'kutsegula firiji. Anapisamo dzanja.

Munali mutayamba kufunda.

"Amayi, kabokosi kozizira kaja! Msanga!"

Analongedzamo katemera yense, mlonda Enoki n'kumangirira kabokosiko panjinga, ulendo wa ku chipatala cha mishoni. Njinga itangotuluka pageti, kulira kuja kunaleka. Fungo nalo linatha.

M'mawa Enoki atabwera nako kabokosiko, ana anabayidwa katemera wamoyo, mpaka womaliza pamzere. Mayamiko sanathawe ntchito. Anapeza mzere umene anaphonya, umene unkameza uthenga wa firiji, n'kuukonza, ndipo khomo lake limodzi lija linagwira ntchito bwinobwino zaka zambiri.

Koma mtima sunamukhale pansi. Masana a tsiku la sikelo lomwelo anatenga sikuludiraiva, a Tabeth ndi Enoki akuyang'ana, n'kutsegula bokosi la kompyutayo kuti aone chimene chinkalira.

Munalibe sipika. Pamalo pake panali chisa cha mavu, chouma, chakalekale.