Kaseti ya Laurentina

Gregório anadzuka Lachiwiri m'mawa n'kupeza kaseti m'wailesi yake, kaseti imene iye anaibisa pansi pa bokosi la zovala zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anangoti kakasi. Munali mu Juni 1994, miyezi itatu chibwerere banja lake ku Zóbuè kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo nyumba yawo inali ikununkhabe dothi laliwisi.

Kasetiyo inali ya mlongo wake, Laurentina. Nkhondo isanafike povuta, Laurentina ankaphikira Mjeremani wina wokonza makina kumgodi wa malasha ku Moatize, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anamusiyira kasetiyo. Munalibe ng'oma, munalibe mawu a munthu, koma zoimbira zinayi za nsambo basi: mavayolini awiri, ina yokulirapo, ndi chinzake chachikulu chobuula pansipansi. Mjeremaniyo anati wopeka nyimboyo anali wa kwawo, wakalekale, ndipo anaipeka atangoferedwa mlongo wake. Wopekayo sanathe chaka, anamutsatira. Anthu ankamuseka Laurentina kuti nyimbo yanji yosavinika, koma iye ankagona nayo kumutu.

Laurentina sanafike ku Malawi. Mdipiti wa magalimoto umene anakwera ndi Gregório unathiridwa zipolopolo chakufupi ndi Nkondezi, ndipo Gregório anamusiya pansi pa mtengo atauma kale, n'kuthawa ndi chikwama cha mlongo wakeyo, momwe munali kasetiyo. Kumsasa anapeza mayi awo, a Josefina, amene anatsogola wapansi. Atawaona nkhope, chilungamo chinamukanika. Anati Laurentina wapita ku Zimbabwe ndi dalaivala wa lole, akukakwatiwa. Bodza lija linatuluka mosavuta ngati malovu. Choncho maliro sanaliridwe, palibe anameta, ndipo mpaka pano mayiwo ankapita kuchipata cha m'malire Lamlungu lililonse kukafunsa madalaivala za mwana wawo.

"Mayi a Luzia," Gregório anamunong'oneza mkazi wake Emília, "mwagwira bokosi langa?"

"Ine? Chikwatirane munandilolapo liti?"

Gregório anakulunga kasetiyo m'nsanza n'kuisomeka m'thumba la chimanga. Usikuwo nkhungu inatsika m'phiri, kukuzizira kolowa m'mafupa, ndipo ngakhale agalu anali zii. Tulo titangoyamba kumutenga, anamva vayolini ikunjenjemera mothamanga, ngati munthu amene akuthawa koma mpweya wamuthera. Inzake inaiyankha. Kenako chachikulu chija chinabuula, ndipo Gregório anachimva pachifuwa. Nyimboyo inkachokera pabalaza, kuseri kwa chitseko cha bango, motsitsa kwambiri.

"Bambo a Luzia, mukumva?" Emília anamugwira mkono.

"Gonani. Ndi mphepo."

"Mphepo ya kuti yodziwa kuimba? Pitani mukaone."

Mwamuna amene ankalowa pansi pa nthaka kukumba malasha analephera kuyenda mapazi anayi m'nyumba yake yomwe. Anafunda bulangete kumutu mpaka nyimbo inaduka yokha. M'mawa kaseti inali m'wailesi, thumba la chimanga lili lomanga bwinobwino.

Usiku wotsatira zinachitikanso, ndipo mudzi unayamba kulankhula. Ena kumjigo ankati Gregório anamanga nyumba pamene panagona anthu a nkhondo. Ena ankati wabwera ndi zizimba za ku Malawi zofuna kulemera nazo. A Josefina okha sanatchulepo kanthu. Ankasenda mbatata zawo pakhonde, n'kumamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali kuposa kale. Gregório anasiya kudya. Mantha ake sanali pa mizukwa ya eni ake ayi. Ankadziwa amene amamuitana, ndipo ankakumbukira kuti wopeka nyimbo uja sanathe chaka.

Lachisanu anachotsa mabatire onse m'wailesi, n'kugona nawo m'thumba la buluku. Kaseti anakaikwirira kuseri kwa khola la mbuzi. Anagona chagada, maso ali kudenga, akumva udzu ukudontha mame.

Nyimbo inabwerabe. Ulendo uno linali liwu limodzi lokha, lotsika, losasa, lopuma pakati ngati chinthu chokhala ndi mapapo. Linkatsata njira yomweyo ya nyimbo ija, osaphonya. Gregório anagwira mabatire m'thumba, anali momwemo onse. Thukuta linamutuluka m'chisanu chonsecho. Anaona kuti akapanda kudzuka lero adzafera pamphasapo, ndiye anayatsa koloboyi n'kukankha chitseko.

Pakati pa balaza panakhala munthu, miyendo atatambasula, mutu wopanda mpango, tsitsi loyera lili nyankhalala. M'dzanja mwake munanyezimira lumo.

"Amayi!"

A Josefina anasiya kung'ung'udza. "Wachedwa kutuluka, Gregório. Masiku onsewa ndakhala ndikukuitana."

"Ndinu mumayatsa wailesi?"

"Anandiphunzitsa Laurentina podina. Anandiuzanso chimene nyimboyi imalira." Anatembenuza lumo m'dzanja. "Ndinkafuna singano m'bokosi mwako, n'kupezamo kasetiyi. Iwe, Laurentina angapite ku ukwati n'kusiya kaseti iyi? Akanasiya nsapato, osati iyi. Ndimati ukaimva ulankhula wekha, koma iwe kuuma mtima ngati bambo ako."

Gregório anagwada. Mawu amene anawasunga zaka zonsezo anatuluka odukaduka: za mfuti, za utsi, za mtengo wa m'mbali mwa msewu. Emília anaima pachitseko atagwira pakamwa.

"Unamukwirira?"

"Ndinangomufunditsa chitenje, amayi. Ankatithamangitsa."

Lawi la koloboyi linayamba kuphethira. Gregório anadikira temberero, ndipo akanalilandira. M'malo mwake anamva lumo lozizira likuikidwa m'chikhatho chake.

"Ndakhala ndikupesa tsitsi ili ngati mayi wa mwana wamoyo. Ndimete. Ukatha, ndikumeta iwe. Kukacha tikwera galimoto ya ku Moatize, ukandionetse mtengowo."

Gregório ananyowetsa mutu wa mayi ake ndi madzi a m'chikho, n'kuyamba chapamphumi. Tsitsi loyamba litagwera pamwendo pawo, a Josefina anakweza mawu, ndipo nyumba ndi nyumba anthu anadzuka, akufunsana mumdima kuti wamwalira ndani.